Jinzi Yoima Yokha

Loweruka m'mawa, Iya Sikira, mayi wogulitsa zovala, asanamalize n'komwe kudula zingwe za belo latsopano pamsika wa kaunjika ku Ibadan, anyamata anali atawazinga kale ngati ntchentche pa bango la mango. Belo litangoti phwa, manja onse m'menemo, uyu kukoka mwendo, uyu kukoka thumba. M'chipiringu chimenecho munatuluka Gbenro, wokonza mafoni, atakumbatira jinzi yabuluu ngati wapeza mwana wotayika.

Anazunguliza chiuno cha jinziyo m'khosi, monga timayezera kuno, nsonga zinakumana ndendende. Anakaiyesa kuseri kwa chinsalu, potuluka msika wonse unaimba mluzu.

"Yakukhala ngati unabadwa nayo," anatero Iya Sikira. "Usaiputenso. Pochapa uziitembenuza, madzi akhale ozizira, uziyanika pamthunzi."

"Amayi, zimenezo ndikudziwa kale. Jinzi ndinayamba kuvala inu musanayambe kugulitsa."

"Ee, tamuonani mwana amene anabereka amake!"

Gbenro anali ndi chifukwa chodumphira. Mawa lake ankapita kukaonekera koyamba kwa Baba Ajadi, bambo ake a Morenike, chibwenzi chake. Mkuluyo anali atabweza kale anyamata angapo pakhomo pake, wina chifukwa choseka ngati bulu, wina chifukwa chotafuna chingamu. Morenike anamuuza poyera kuti akalephera tsiku limenelo, za ukwati aiwale.

Atafika kunyumba anaima pagalasi, galasi n'kuyamba kumunamiza. Anaona ngati jinzi ija yatakasuka ngati thalauza la mlaliki. Nthawi yomweyo kunja kunamveka lumo likuti khete khete: anali Baba Lamidi, telala woyendayenda, makina ali paphewa.

"Bambo, ipanikizeni kuyambira m'ntchafu mpaka kumapazi. Ndikufuna igwire ngati khungu."

Telala anaitembenuzatembenuza. "Mwana wanga, jinzi iyi ilibe mlandu. Koma ngati waumirira, tanyonyomala kaye ndione. Timasiya malo a zala ziwiri, nsalu nayo imapuma."

"Inu sokani. Miyendo ndi yanga."

"Nanga chidendene chako ngati mpini wa khasuchi chidzera pati?"

"Ndikudziwa kale, bambo. Ndipo nsalu yotsala m'katimo mudule, isamatukumuke."

Baba Lamidi anapukusa mutu, anasoka, anadula, n'kunyamula makina awo.

Akanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma Gbenro anafuna kuti jinzi ikaonekenso ngati yochokera m'sitolo. Anaphika phala la chinangwa lija timalimbitsira agbada, mkanjo wa akuluakulu, n'kuiviikamo lili lotentha. Kenako anaiyala padenga la malata dzuwa lili paliwombo. Madzulo poitsitsa, inu, jinzi inaima yokha! Anaitsamiritsa pakhoma, mwininyumba podutsa anaipatsa moni.

M'mawa wa Lamulungu kunali nkhondo. Anavala majumbo kumapazi kuti aterere, anagona chagada pabedi, anakoka, anabuula mpaka oyandikana nawo anayesa kuti wina akupha mbuzi. Batani litalowa, mpweya unatsala wa m'mphuno wokha. Koma zoona zinenedwe, mnyamata anatchena! Pamwamba malaya atsopano, m'munsi miyendo iwiri yowongoka ngati nzimbe. Atsikana otunga madzi anamuwombera m'manja. Vuto linali lakuti mwendo unakana kukwera njinga yamoto, moti anapita pagalimoto yonyamula zilazi, ali chiimire kumbuyo ngati mkulu woyendera asilikali.

Kwa Baba Ajadi anapeza khonde litadzaza: mkuluyo pampando wake, mayi ake a Morenike pambali, azakhali ali ndandanda, aliyense duku lake lotalika kuposa la mnzake. Kwathu kuno mnyamata sapereka moni kwa apongozi ali chilili, chifuwa chimayenera kugunda pansi. Gbenro anayesa kupinda bondo, bondo linati sindikukudziwa. Anangotseka maso n'kudzigwetsa wathunthu ngati mtengo wa mgwalangwa, manja n'kutsogoza. Khu! Fumbi koboo.

Azakhali anaimba nthungululu. "Uyu ndiye analeredwa uyu! Mwaona kugwa kwake?"

Ngakhale Baba Ajadi anamwetulira. "Dzuka, mwana wanga, takulandira."

Gbenro anakankha pansi ndi manja, anayesa kukweza chiuno. Kumbuyo kunamveka kaulusi kakuti tswi, kumuchenjeza kuti akapitiriza, apongozi aona zosayenera kuona. Anabwerera pansi.

"Ndati dzuka, moni tamva."

Gbenro ali chigonere, thukuta likulemba mapu padothi.

Nthungululu zinazima. Azakhali aakulu, amene mphuno yawo imanunkhiza nkhani isanapse, anapendekera kwa mayi ake a Morenike, n'kunong'ona mokweza kuti mpaka kumsewu amve. "Mlamu, munthu sagona chonchi pa moni chabe. Uyu akupepesa."

"Akupepesa chiyani?"

Maso onse anatembenukira pamimba pa Morenike, amene ankatuluka ndi madzi akumwa.

"Morenike, wandipha!" Mayi ake anaika manja kumutu, duku n'kugwa. "Miyezi ingati? Nena!"

"Amayi, miyezi ya chiyani? Imeneyi ndi nsima ya amala ndadya m'mawa uno!"

"Amala amagonetsa mwamuna pansi? Ndimaona ine, masiku ano ukungofuna zowawasa!"

Baba Ajadi anaimirira, ndodo ili m'manja. Gbenro poona mapazi awo akuyandikira, anakuwa kamwa lili m'fumbi: "Bambo, sindinalakwe kanthu! Ndi thalauza! Thalauza lakana!"

Azakhali aang'ono anaphulika ndi kuseka, khonde lonse n'kutsatira, ena kugubuduzika, ena kupukuta misozi ndi nsonga za nsalu. Amuna awiri anamunyamula ngati chitseko n'kumuimika, koma miyendo inali itachita dzanzi, mapazi atatupa. Anamulowetsa m'nyumba, anakoka jinzi uku, anakoka uku, osatheka. Pomaliza azakhali aakulu anabwera ndi lumo lawo, anaing'amba kuyambira pakakolo mpaka m'chiuno, ikulira ngati katoni. Jinzi yabwino ija, imene msika unaimbira mluzu dzulo lake, inagona pansi zipande ziwiri. Gbenro anatuluka atamangira chitenje cha apongozi aakazi, chamaluwa achikasu.

Baba Ajadi okha ndiwo sankaseka.

"Panalibe wokuchenjeza?"

"Analipo, bambo. Ogulitsa ananena, telala naye ananena."

"Mwana wangayu ali ndi pakamwa ngati amake. Iwe wolephera kumvera telala pa nkhani ya ulusi, udzamvera mkazi pa nkhani ya banja? Lero wamuchititsa manyazi pamaso pa azakhali ake popanda mlandu. Pita. Zilazi zatsopano zikadzatuluka, ngati iyeyo adzakhale akukufunabe, udzabwere ndi makutu, komanso mawondo opindika."

Gbenro anayang'ana Morenike kuti mwina amuperekeza. Morenike anatola duku la mayi ake, analikung'untha, n'kulowa m'nyumba osacheuka.

Njinga yamoto yobwerera anakwera bwinobwino, atakhala cham'mbali ngati mayi wochokera kumsika, chitenje chikuuluka, ana akumuthamangira mpaka pamphambano. Akuluakulu sananame: Ndadziwa-kale anamanga nyumba yopanda khomo.