Sitima Yopanda Khomo

M'shedi ya gulu losamala sitima zakale la Fellgate munkamveka fungo la malasha, la vanishi ndi la tiyi wa mayi Glenys. Mmenemo ndi mmene amuna awo, bambo Desmond Ackroyd, ankaswera chipumireni pa ntchito ya njanji, akupukuta mabogi akale amene eni ake anawataya kalekale. Anzawo ankakonda injini, chilombo chakuda chija chopuma nthunzi. Iwo ayi. Mtima wawo unali pa zitseko.

Zitsekozo zinali zija zopanda chogwirira m'kati. Ukafuna kutsika umayamba watsitsa galasi la zenera, n'kutulutsa mkono, n'kupotokola chogwirira cha kunja. Potseka sunyengerera, umachimenyetsa, mbamu! Bambo Ackroyd akamva kulira kumeneko ankatsinzina ngati munthu amene wamva nyimbo ya pa ukwati wake. Pa maulendo a alendo iwo ndiwo anali gadi, mwini mbendera ndi wenzulo zonyamutsira sitima, ndipo sitima isananyamuke ankayenda pulatifomu yonse akumenyetsa chitseko chilichonse, ngakhale chotsekeka kale. Chipinda chawo cha kumchira kwa sitima ankachipiringidza m'kati, chifukwa anzawo anali ndi chizolowezi chowathera mabisiketi.

Tsono oona za chitetezo cha njanji anagamula kuti sitima zakale, ngati zifuna kumayendabe pa njanji yaikulu limodzi ndi sitima zothamanga za masiku ano, zitseko zake zizikhomedwa zonse nthawi imodzi kuchokera kwa gadi, ndipo m'mazenera mukhale zitsulo kuti anthu asamatulutse mitu. Wosatsata, chilolezo chake chithera pomwepo.

"Zaka zonsezi, ndani anagwapo m'sitima yanga?" anafunsa bambo Ackroyd pa tiyi, supuni ili m'mwamba.

"Iweyo, mdala," anayankha a Norris, dalaivala wa injini, amene anakulira nawo limodzi. "Tsiku lija unkabayibitsa mtsikana wa ku Carlisle."

"Ndinatsika. Sindinagwe."

"Unatsika ndi chipumi."

"Mtsikana wake uti ameneyo?" anatero mayi Glenys, ketulo ili m'manja. Nkhani ya zitseko inayamba yaima kaye.

Koma lamulo silimva nthabwala. Gulu linaitana Shona, mtsikana wodziwa za magetsi, amene anakhala miyezi ya chisanu chagada pansi pa mabogi, akuyala mawaya ndi kuika maloko. Atamaliza anapempha kuti gadi ndi onse othandiza m'mabogi abwere adzaphunzire. Bambo Ackroyd anauza othandizawo kuti asavutike.

"Muwononge mafuta a galimoto chifukwa cha mabatani awiri? Ndidzakuphunzitsani ndine."

Shona anawapeza okha m'chipinda cha gadi, akupukuta mkuwa wa zenera. Anawasonyeza bokosi limene anakhoma pakhoma.

"Kiyi mumalowetsa apa, bambo. Batani lofiira mwakhoma, lobiriwira mwatsegula. Koma pali chimodzi. Chitseko chanu chomwechi nachonso..."

"Mwanawe, ine ndinayamba kutseka zitseko mayi ako asanadziwe kumanga nsapato. Ndadziwa kale."

"Sindikukana, bambo, koma kiyiyo musama..."

Mbamu! Bambo Ackroyd anali atatsika kale n'kumenyetsa chitseko, mawu a mtsikanayo n'kutsalira m'kati. Anayenda m'mbali mwa bogi akuimba mluzu, mumtima akuti ana a lero akadziwa kulumikiza mawaya awiri amafuna mpaka mbendera.

Chimene chinawasowetsa tulo sichinali bokosilo. Pafupi ndi khomo la bogi lililonse Shona anaikapo chotsegulira cha pangozi, chogwirira cha pulasitiki chobiriwira, chowala ngati chidole cha mwana. Pa matabwa aja, amene iwo anawapala ndi manja awo mpaka munthu kumadziona nkhope! Anapirira, kupirira n'kuwakanika. Anatenga matabwa akale, n'kusema timafelemu tokongola, n'kuikamo zithunzi za kunyanja za m'masiku awo. Chithunzi chilichonse anachimangirira pamwamba pa chotsegulira ndi masikulu a mkuwa, n'kupaka vanishi kawiri.

Mayi Glenys anaima kumbuyo kwawo, manja ali m'chiuno.

"A Desmond, zimenezi si zija amati za pangozi?"

"Zilipo, sizinapite kwina. Ndangoziveka malaya."

"Nanga ngozi ikabwera izidzayamba yazivula?"

"Iwe taona za makeke ako."

Zitsulo za m'mazenera anaika okha, ndipo anaika ndi mkwiyo. Lamulo linkangofuna kuti mutu wa munthu usatuluke. Iwo anazithinanitsa moti ngakhale mphaka akanabwerera. "Afuna ndende," ankatero, "ndiwapatsa ndende yeniyeni."

Ulendo woyamba wa chilimwe ndi umene unali wa chiweruzo. Ku York kunakwera mayi Pennock, insipekitala wa za chitetezo cha njanji, munthu wamfupi wa jasi lamvula, wosachedwa kumwetulira koma wochedwa kuyankhula. Akakhutira, sitima ya Fellgate idzayenda pa njanji yaikulu chilimwe chonse. Akapanda kukhutira, mabogi adzabwerera m'shedi. Bambo Ackroyd anawalandira atavala yunifolomu yosita, duwa lili pachifuwa, n'kuwaperekeza msangamsanga ku bogi lodyera. Pakhomo mayiwo anaima, n'kuyang'anitsitsa chithunzi cha kunyanja.

"Malo okongola," anatero.

"Zedi, mayi. Dzanja langa limenelo."

"Ndaona. Ndiyendera sitima yonse tikachoka pa Skelbeck."

Mpaka pa Skelbeck zonse zinayenda ngati madzi. Kumeneko injini inaima kuti imwe madzi. Bambo Ackroyd anadina batani lobiriwira, zitseko zonse n'kumasuka, antchito a pa siteshoni n'kuzitsegula kunja, alendo n'kukhuthukira pa pulatifomu kukajambula injini, bandi ya malipenga ya m'tauniyo ikuwaombera nyimbo. Nthawi itakwana anabwerera m'mipando yawo. Bambo Ackroyd analowa m'chipinda chawo, n'kudina batani lofiira. Sitima yonse inati kete. Anamwetulira. Ndiye chimenechi n'chimene munthu akanatayira tsiku lathunthu m'kalasi?

Pa mlatho wa siteshoni panali anthu a makamera, ndipo gadi weniweni sakupizira mbendera pazenera ngati wobisala. Chitseko chawo chinali chikali chotsegula. Anatsika, n'kukonza chipewa. Ndipo dzanja lija, limene linachita zimenezi moyo wawo wonse osapempha chilolezo kwa mutu, linabwerera kumbuyo lokha.

Mbamu! Kenako kamawu kena kakang'ono, kachilendo: kete.

Anagwira chogwirira. Sichinasunthe. Anasuzumira pakati pa zitsulo. Kiyi uja anali m'bokosi, akugwedera pang'onopang'ono ngati akuwabayibitsa.

Nyali ya kutsogolo inasanduka yobiriwira. A Norris anatulutsa mutu mu injini.

"Desmond! Tikudikira Khirisimasi kapena?"

Bambo Ackroyd anayesa chitseko chotsatira, n'chinanso, n'chinanso. Maloko a Shona anagwira ngati nkhupakupa. Alendo m'kati ankayesa ndi sewero la pa ulendo, ankawomba m'manja ndi kuwajambula. Abandi, poona kuti sitima sikunyamuka, anayambiranso nyimbo.

Pazenera lina panaonekera nkhope ya a Clive, mkulu wa othandiza m'mabogi.

"Chipinda chanu n'chopiringidza m'kati, a Desmond. Titani? Paja munati mutiphunzitsa."

"Khalani chete, ndikuganiza."

"Lowerani pazenera," anatero mlendo wina mokoma mtima. Onse anayang'ana zitsulo zija, kenako mimba ya bambo Ackroyd.

Mayi Glenys, amene ankaphikira alendo, anasiya chiwaya pamoto n'kubwera pazenera la bogi lodyera.

"Mwatani inu?"

"Palibe. Kavuto kakang'ono."

"Kakang'ono? Nanga thukutalo?"

Ali m'kati mokangana, nyama ya nkhumba inapserera, mafuta n'kuyaka. Utsi wakuda unadzaza bogi. Kuseka kunazima ngati kandulo. Mayi wina ananyamula mwana n'kuthamangira kukhomo, n'kutsitsa galasi, n'kuyesa kutulutsa mkono monga ankachitira anthu kale. Mkono unakanirira pa zitsulo. Anayamba kumenya chitseko ndi phewa, mwana akutsokomola, anthu akuunjikana kumbuyo kwake. Bambo Ackroyd anaima kunja kwa chitseko chimenecho, pafupi moti ankaona misozi ya mwanayo, akukoka chogwirira ndi manja awiri. Anachipaka vanishi okha chitseko chimenecho. Ankadziwa mtengo umene chinachokera, ankadziwa pamene chimalira. Kuchitsegula kokha ndiko sankadziwa.

Mayi Glenys anaphimba chiwaya ndi thaulo lonyowa, moto n'kufa. Utsi wokha ndiwo unatsala, wopanda potulukira. M'kati mwa utsiwo munatulukira nkhope ya mayi Pennock, yosamwetulira.

"Bambo Ackroyd, chotsegulira cha pangozi chili pati?"

Malipenga anali atatonthola. Pulatifomu yonse inamva yankho.

"Kuseri kwa chithunzicho, mayi."

"Kuseri kwa chithunzi."

"Inde, mayi."

"Chimene mwachimanga ndi masikulu."

"A mkuwa," anatero bambo Ackroyd, osadziwa chifukwa chimene ananenera.

A Norris anabwera akuthamanga ndi sikuludiraiva, nkhope ili bii ndi malasha. Sikuludiraivayo inadutsa pakati pa zitsulo mochita kukakamiza. Mayi Glenys ndiwo anamasula, akulimbana ndi vanishi wopakidwa kawiri, sikulu lililonse likutuluka ndi mawu ake. "Ndinanena ine. Malaya. Ati malaya!" Chithunzi chitagwa, mayi Pennock anakoka chidole chobiriwira chija ndi zala ziwiri, chitseko n'kutseguka mosavuta. Mayi wa mwana anatsika osayang'ana gadi. Zimenezo zinawapweteka bambo Ackroyd kuposa akanawatukwana.

Komabe zitseko zina zonse zinali chikhomedwere, kiyi ali m'chipinda chopiringidza, ndipo kumbuyo kwawo sitima yothamanga ya ku Glasgow inali itaimitsidwa m'tchire ndi anthu ake onse. A Norris anakwera ndi fosholo ya malasha, n'kudutsa m'mabogi mpaka pa chitseko cha m'kati cha chipinda cha gadi.

"Norris, mbale wanga, chimenecho ayi. Thabwa limenelo silipezekanso."

"Tsinzina, mdala. Paja umakonda kutsinzina zitseko zikamalira."

Chinalira, koma sinali nyimbo ya pa ukwati.

Anthu onse atatsika, mayi Pennock anayenda sitima yonse, akuima pa chithunzi chilichonse. Bambo Ackroyd ankawatsatira, chipewa chili m'manja.

"Maloko ndi abwino," anatero mayiwo pomaliza. "Amene anawaika amaidziwa ntchito."

"Ndiye kuti chilolezo..."

"Sitimayi ibwerera yopanda munthu. Alendo anu muwapezere mabasi." Anatola chithunzi chija pansi, n'kuchipukuta ndi mkono wa jasi, n'kuwapatsa. "Ntchito yaukhondo, bambo. Sindinaonepo chinthu choopsa chopangidwa mokongola chonchi."

Chilimwe chimenecho Fellgate sinaponde njanji yaikulu. Dzuwa linawala, alendo anakwera sitima za ena, mabogi ali ndii m'shedi, akangaude akuluka pa zitsulo za m'mazenera. Zithunzi za kunyanja mayi Glenys anazipachika kunyumba, m'khitchini, moyang'anizana ndi mpando wa amuna awo.

Masamba atayamba kuyoyoka, Shona anaitananso anthu kuti adzaphunzire. Ulendo uno shedi inadzaza. Bambo Ackroyd anafika oyamba n'kukhala kutsogolo, mawondo ali pamodzi ngati mwana wa sukulu ya Sande. Shona anakweza kiyi m'mwamba.

"Chitseko cha gadi nachonso chili pa waya yemweyo. Choncho kiyiyu musama..."

Anaima dala, n'kuwayang'ana, kudikira ngati pali wina womudula.

"Mdala, bwanji lero?" anafunsa a Norris kumbuyo. "Sunadziwe kale?"

"Musiye mwana amalize," anatero bambo Ackroyd, maso ali pa kiyi.

"Musamausiye m'bokosi," anamaliza Shona. "Basi, n'zokhazo."

Mawu ake anali omwewo, ochepa moti akanatha chitseko chisanamenyetsedwe. Akuluakulu sananame: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.