Njuchi Zosagawika Pawiri

A Gwedeza, eni munda wa mpendadzuwa, anafika kwa Nangondo, mlimi wa njuchi, chibonga chili m'manja.

"Njuchi zako zimadya maluwa anga. Ndikufuna theka la njuchizo, ndendende!"

"Pepani bambo," anatero Nangondo atagwada, "zilipo 30,001. Nambala imeneyi sigawika pawiri, imatsala imodzi. Yotsalayo tiing'ambe pakati?"

"Bodza! Unalumpha ina powerenga."

"Mwinadi, maso angawa anatha. Tawerengani nokha."

Nangondo anasendera patali mwakachetechete. A Gwedeza anavundukula mng'oma, nayamba kuloza ndi chala. Asanafike n'komwe pa khumi, njuchi zinawaunjirira kumaso. Anataya chibonga, naliyatsa liwiro la mtondo wadooka, chimtambo chakuda chili pambuyo.

Nangondo anawakuwira: "Bambo inu! Zakutsatanizo zapitirira theka! Mubweze zinazo!"