Mbuzi Imene Inadzaza Mabenchi

Panali mayi wina, dzina lake Nachanza, amene ankakhala nyumba ya lendi pafupi ndi msika. Khoma lake linali lopyapyala moti wa kuseri akayetsemula, iwe unkapepesa. Kuseriko kunkakhala a Gelesomu, eni kanyumba koonetsera kanema, ndi akazi awo a Nasibeko, ogulitsa zitumbuwa.

Tsiku lina m'mawa, Nachanza akuyamwitsa, anamva mkangano.

"Bambo a Dalo, pa mabenchi anu aja pakungokhala chiswe. Loweruka likadutsa, ine ndiikamo nkhuku!"

"Anthu abwera, mayi. Ndapeza filimu ya nkhonya yatsopano."

"Ya nkhonya aliyense ali nayo m'foni mwake."

"Nanga ndionetse chiyani? Ija ya anyamata a pamsika, yogwedezeka ngati anajambulira pangolo?"

"Muyerekeze! Muja ndilimo ine, ndikuthamangitsa mbuzi mpango uli m'manja."

A Gelesomu anatuluka osadya.

Nachanza analikumbukira tsiku limenelo. Anyamata ankajambula sewero lawo, mbuzi inaba chitumbuwa, msika wonse n'kulowa m'kanema osaitanidwa. Koma panalibe amene anadzionapo.

Nachanza anabereka mwana, ulendo wa kumjigo. Kumeneko anangonong'oneza mayi mmodzi: "Filimu tilimo tonse ija ili kwa a Gelesomu. Akuti inu munatuluka bwino. Tikaipemphe Loweruka masana."

Loweruka anthu anadzaza mpaka pawindo. Telala wa pamsika anabwera atavala jekete. A Gelesomu ataika ya nkhonya, onse anakuwa: "Tikufuna yathu!" A Gelesomu anasuzumira pakhomo, pomwe akazi awo anakhala ndi dengu la zitumbuwa, kenako anaiika.

Mbuzi itatulukira m'kanemamo, denga linatsala pang'ono kusasuka ndi phwete. A Nasibeko anadzambatuka.

"Bwezani pamenepo! Simunaone bwino mmene ndinaigendera!"

Anabweza. Zitumbuwa zinatha kanema asanathe.

Amayi anzanga, za kutali foni idzakupatsani muli gone pamphasa. Koma nkhope ya mnansi imakoma kuiseka mwini wake ali pabenchi pomwepo. Ana athu akajambula chawo, tiyeni tikaone, ngakhale chikhale chogwedezeka.

Madzulo ake Nachanza anatcheranso khutu kukhoma. Anamva madzi osamba m'manja, kenako mawu a Nasibeko:

"Senderani kuno, bambo a Dalo, mbatata ikuzizira. Nkhukuzo mundimangire khola kuseri."