Bokosi la Mayi ake a Nyani

Kalekale, nyama zikali kuyankhula, panali shedi ya akalipentala pansi pa mtengo wa mbawa. Khalani chete kumbuyoko, iyi si yoseketsa. Mu shedimo munkagwira ntchito Nungu, Gogomole ndi Nyani. Matabwa aliyense ake, koma misomali inali ya onse.

Nungu anaika zitini zitatu pa alumali: cha misomali yaitali, cha yaifupi, ndi cha yopindika ndi yadzimbiri. Nyani analibe nazo ntchito. Akamaweruka ankangosesa zotsala zonse, waa! m'chitini chomwe chili pafupi.

"A Nyani, bwezerani chilichonse m'malo mwake," anatero Nungu.

"Msomali ndi msomali, achimwene. Mutu ulipo, nsonga ilipo, mukufunanso chiyani?"

Tsiku lina Gogomole anakhomera Fulu mpando. Anapisa m'chitini cha yaitali osayang'ana, poti ankachikhulupirira. Fulu atakhalapo, anagwa chagada. Nyani anaseka mpaka misozi. Nungu anakhala pansi, nasankhanso misomali yonse.

Tsiku lina Gogomole anakhomera Nkhuku chitseko cha khola. Chitseko chinazuka ndi mphepo, Vumbwe analowa, anapiye anatha psiti. Nyani sanaseke, koma sanasinthenso. "Yalakwa ndi mphepo," anatero. Nungu anasankhanso, nati, "Aka n'komaliza, zala zanga zatha." Ndipo sanasankhenso. Zitini zitatu zija zinangofanana.

Kenaka mayi ake a Nyani anamwalira, nthawi ya chilimwe, dzuwa likuswa mtengo. Nyani ankawakonda mayi ake, pamenepo sindingamunamizire. Analira, nanena kuti bokosi akhoma yekha.

"Thabwa la pansi limafuna yaitali," anatero Nungu, "ndilo limanyamula thupi. Khalani pansi, tisankhe."

Anakhuthula chitini choyamba. Yaifupi, yopindika, mabawuti. Anakhuthula chachiwiri, chimodzimodzi. Asanakhuthule chachitatu, Njiri, mkulu wa adzukulu, anasuzumira pakhomo.

"Manda takumba kale, a Nyani. Ndipo kunyumbaku mtembo wayamba kumveka."

Nyani anangotapa yodzaza dzanja. Go, go, go, yaifupi. Go, go, go, yadzimbiri. Bokosi linatha, ndipo kunja linali lokongola.

Njira ya kumanda inkadutsa m'mbali mwa chigwa. Adzukulu patsogolo, azimayi akuimba pambuyo, Fisi akutsatira chapansipansi monga amachitira. Pofika potsetsereka, thabwa la pansi linati phwa! Adzukulu anangomva kuti bokosi lapepuka. Mtembo unagubuduka mpaka kuchigwa, ndipo Fisi anali komweko. Pamene adzukulu ankatsikirako, anapeza nsalu yokha.

Nyimbo inaduka. Nyani anatola thabwa lija, naliyang'ana. Nsonga za misomali zinangotulukira pang'ono ngati mano a khanda.

"Amayi anga ali kuti?" anafunsa.

Tsiku limenelo anakwirira bokosi lopanda kanthu.

Mpaka lero, mukaona nyani atakhala pansi, akutembenuza timiyala, akutola aka, akutaya ako, musamuseke. Akufunabe msomali wautali.

Inu mumagwira ntchito pamodzinu, chinthu cha onse muzichibwezera m'malo mwake. Chimene wasokoneza ukuseka, udzachifuna ukulira, ndipo tsiku limenelo nthawi yosankha sidzakhalapo. Yanga yathera pompa, kaphuleni mbatata zanu zisanapserere.