Barele wa Kuseri kwa Khola la Nkhosa

"Barele wanga safuna dokotala," anatero a Clarrie Schulz, wapampando wa bungwe lathu la alimi, atatsamira thirakitala yatsopano. "Kuchokera pano mpaka ku Adelaide, mbewu ndi imeneyi basi."

Tinagwedeza mitu. Wokugulira mowa sumutsutsa botolo lisanathe.

Dokotalayo anali Noelene Tiller, katswiri wa mbewu. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi m'munda wa bungwe ankakwatitsa barele wathu ndi barele wakutchire wa kumapiri a ku Siriya, kholo la barele yense, pofuna mbewu yopirira matenda. Kunena zoona, kholo lake silinali losiririka: loonda, landevu zolasa, njere zake zongoyoyoka usanakolole.

"Mayi, udzu wanuwu ngakhale nkhosa zanga zikuulavula," anatero a Clarrie pamsonkhano. "Munda wa bungwe tikuufuna."

Noelene sanakangane. Anasamutsira mizere yake pamiyala kuseri kwa khola la nkhosa, napitiriza kukwatitsa ngala imodziimodzi, maondo pansi. A Clarrie anafesa mbewu yawo imodziyo munda wonse, ifenso pambuyo pawo.

Chaka chachitatu mvula inachita chimvumbi, matenda a chiwawu n'kulowa. Poti barele yense anali wa mimba imodzi, anadwalira limodzi. Minda inafiira ngati yapsa.

Tsiku lachionetsero cha mbewu, alimi tonse tinaunjikana kuseri kwa khola. Zidzukulu za udzu uja zinali zobiriwira, ngala zodzaza, popanda njere yogwa. A Clarrie anafika mochedwa atavula chipewa, ndipo ambirife tinadziwa tsikulo kuti ali ndi dazi.

"Noelene," ananong'ona, "kodi kambewuka kangapezeke?"

"Kwezani mawu, a wapampando. M'makutu mwanga munamera udzu."

"Mbewuyi, mayi. Ndikuipempha."

"Nkhosa zanu mwazifunsa?"

Anthu anafa nacho chiseko. A Clarrie anatembenukira kwa ife.

"Ndinalakwa. Munda wa bungwe ubwerere kwa mayiwa, wonse, ndipo ndikaulima ndekha."

Noelene anawapatsa kathumba kokwana m'dzanja. "Yambirani pamenepa. Ine ndinayamba ndi njere khumi."

Wapampando analandira ndi manja awiri, ife tikuchitira umboni m'manja muli soseji zootcha za pachionetseropo. Paja akulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.