Ukwati wa Mipando Makumi Anayi

Nassoro anali pa matandala ake ku Nkope, akuyang'anira amayi oyanika usipa, pamene mnzake wina wa pa boma anamuonetsa chithunzi pafoni. Inali hotela ya pagombe, ya kapinga wometedwa ngati mutu wa msilikali ndi dziwe losambiramo lomangidwa pamphuno penipeni pa nyanja. Kuyambira tsiku limenelo mutu wake unabalalika. Analumbira kuti phwando la ukwati wa mwana wake Rahma lidzachitikira kumeneko, anthu adziwe kuti wogulitsa nsomba nayenso ndi bwana.

Mkazi wake, Aida, anayesa kumubweza.

"Bambo a Rahma, kumeneko akuti anthu makumi anayi basi. Abale anu a ku Chowe okha adzadza lole. Muwaika pati?"

"Ukwati wamakono ndi wa makadi. Wopanda khadi akhale kwawo."

"Zinayamba liti zoti munthu aziitanidwa ndi pepala ku ukwati wa mwana wa m'mudzi mwake?"

Nassoro anatseka makutu. Anagulitsa injini ya boti limodzi mwa maboti ake awiri, nakatula ndalama yonse kuhotelako. Ku Chowe anatumizako khadi limodzi lokha, la mayi ake, Abiti Wadi, amene analera Rahma kuyambira ali wakhanda.

Tsono tinene chilungamo, kodi kumalo otere amagulitsa chiyani? Mchenga ndi womwewu umene ana a ku Nkope amagubudukapo ulere. Madzi ndi omwewa. Chodula ndi mpanda. Munthu amapereka mtengo wa ng'ombe kuti atandale pamalo pamene sadzaona mayi akuchapa kapena msodzi akusoka ukonde. Amagula kusaona anthu anzake. Akachita zimenezi mlendo wa kutali timangopukusa mutu, koma akachita mwana wobadwira pomwepo zimakwiyitsa.

Tsiku litafika, shehe anamanga ndowa, ukwati wa Chisilamu, kumzikiti m'mawa. Masana osankhidwa aja anakakhala pa mipando yovekedwa nsalu zoyera, aliyense atamangidwa kachingwe kofiira padzanja ngati nkhuku ya pamsika. Mlamu wina atangoyamba nthungululu, anatulukira a Macloud, oyang'anira hotelayo, akumwetulira ndi mano okha.

"Pepani, titsitseko mawu. Tili ndi alendo ena amene akupuma."

Ukwati wonong'ona! Chakudya chitabwera, Nassoro anazindikira chambo chake chomwe, chimene asodzi ake anagulitsa kukhitchini kwa hotelayo dzulo lake. Chinabwera kachidutswa konga zala ziwiri, katsamba pamwamba, kwina konse mbale ili mbee. Anameza mate nadziuza kuti ulemu umakhala choncho.

Posakhalitsa kugeti kunamveka nyimbo. Inali lole ya ku Chowe, imene inafa panjira mpaka kuphonya za kumzikiti. M'menemo munali amayi oposa makumi asanu, matumba a mpunga, miphika ikuluikulu ndi mbuzi ziwiri. Kutsogolo kunali Abiti Wadi, khadi lawo lili m'manja. Kwa iwo khadi linali uthenga chabe: ukamva za ukwati umauza anzako, mumasonkha, mumanyamuka.

Nassoro anathamangira kwa a Macloud.

"Achimwene, awa ndi abale anga. Akhale pakapingapa, aziphikira okha kuseri."

"Sizitheka, bwana. Chakudya chakunja sichilowa, ndipo chiwerengero ndi chiwerengero. Ndalama imene munalipira ija ndi ya bata limeneli."

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanavula jekete n'kutsata anthu ake. Nassoro anapita kugeti, mlonda ali chilili pakati pa iye ndi mayi ake.

"Amayi, lowani inu nokha. Enawa apite akadikire kunyumba."

Nyimbo ija inaduka. Abiti Wadi anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Iwe Nassoro, penya bwino. Awa ndi a Zena, amene anakubereka kumbuyo mpaka kuchipatala utakomoka ndi malungo. Awa anaphika pa sadaka ya bambo ako, manja mpaka matuza. Asonkha mpunga umene akanadyetsa ana awo. Ndiwasiye padzuwa pamodzi ndi mbuzi, ine ndikakhale pampando woyera? Wallahi, sindilowa!"

Alendo awiri a pahotelapo anali ataima chapatali, akujambula ndi mafoni. Nassoro atawaona, nkhope inatentha.

"Amayi, chonde, musandichititse manyazi pano."

"Manyazi ako ndife?" anatero mayiwo mwaukali. "Chabwino. Adalaivala, tiyeni ku Nkope. Tikaphikira pabwalo pa Aida."

Anaponya khadi lija pansi. Chimene Nassoro sanadziwe n'chakuti Rahma anamutsatira, ndipo anamva zonse. Mtsikanayo analuma kachingwe ka padzanja mpaka kuduka.

"Ababa, kumene akupita anganga ndi kumene kuli ukwati wanga."

Anadutsa mlonda uja, mwamuna wake ali pambuyo. Amayi a ku Chowe anamukweza mlole ndi diresi lake lomwelo, ndipo nthungululu imene inalira pamenepo inadzutsa aliyense amene ankapuma. Oitanidwa aja nawo anayamba kutuluka, wina ngati akukayankha foni, wina osabisa n'komwe. Womaliza anali Aida, ndipo sanacheuke.

Nassoro anafunsa ngati anganyamule chakudya chotsalacho.

"Chakudya sichituluka, bwana," anatero a Macloud mwaulemu. "Koma malowa ndi anu mpaka faifi koloko."

Liuma ndi matenda. Munthuyo anakhaladi, yekhayekha pakati pa mipando makumi anayi, ati injini yake isapite pachabe. Ankayembekeza kuti wina abwera kudzamupepesa. Operekera zakudya ankangomudutsa, akuchotsa nsalu pa mipando. Nthawi itakwana, mlonda anamutsegulira geti, iye nakwera kabaza.

Pakhomo pake anapeza anthu ali thithithi. Mbuzi zinali zitadyedwa, ana akukanganirana makoko a mpunga. Malangizo anali ataperekedwa, pemphero la dua litachitika, ndipo mawu otsazika mkwati anali atayankhula malume ake a Rahma. Palibe anamuthamangitsa, palibenso anamuyalira mphasa. Anayang'ana uku ndi uku, mwana wake osamuona. Anakagwada pamaso pa mayi ake.

"Amayi, Rahma ali kuti?"

"Wapita ndi mwamuna wake ku Mangochi," anayankha Abiti Wadi, osakweza mawu. "Anaimitsa galimoto kawiri, maso ali kumsewu, akuti mwina ababa atulukira. Wanyamuka akulira. Iwe unali kuti?"

Nassoro akananena kuti chiyani? Kuti anali kulondera mipando? Mwana wamkazi anali naye mmodzi yekhayo, ndipo anatuluka pakhomo popanda dzanja la bambo ake pamutu. Akuluakulu sananame: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.