A Chipeso ndi Zipata za Mumzinda

M'nyumba yometera, makutu a wometa amagwira ntchito kuposa lumo. A Chipeso, amene anapatsidwa dzinali chifukwa cha chipeso chimene sichinkachoka kukhutu kwawo, anamva zambiri mlungu umenewo. Sukulu zinali zitatsekera, mitengo ya m'misewu itayamba kuphuka, ndipo bambo aliyense wokhala pampando wawo ankabwera ndi nkhani ya kumene anatengerako ana ake. Wina anati kumalo osungira nyama kwabadwa kanjovu. Wina, thovu lili mbuu kuchibwano, analumbira kuti mwana amene sanakwere chigudumu chachikulu cha kupaki, chija chimakweza anthu mpaka kuona madenga a mzinda wonse, ndiye kuti sanabadwe. Winanso anatamanda nyumba yosungira zinthu zakale, mmene muli sitima yeniyeni ya malasha imene ana amaloledwa kuliza belu lake.

A Chipeso ankangovomera, makina akulira pamutu pa kasitomala, koma kumtima kukuwawa. Ana awo awiri tchuthi chonse ankachidyera pakhonde la nyumba yosanja, kuonerera magalimoto odutsa pansi. Lonjezo lokayenda nawo linali litakalamba mpaka kumera imvi.

Lachisanu madzulo analowa m'nyumba chifuwa chili patsogolo.

"Mawa sinditsegula. Tonse tikupita kokayenda."

Kadona, mzime wa m'nyumbamo, anataya supuni. "Kukaona njovu, ababa?"

Mchimwene wake wamkulu, amene ankamutcha Injiniya chifukwa wailesi iliyonse ya m'nyumbamo anali ataimasulapo, anafunsa za sitima ija.

"Zonse!" anatero a Chipeso. "Njovu, sitima, chigudumu, ndi kusambira komwe. Mukatsegulira sukulu, anzanu akakhale chete inu mukufotokoza."

Akazi awo, amene ankasita zovala pakona, anaimika simbi.

"Bambo a Injiniya, tsiku ndi limodzi, ndipo timiyendo ta mwanayu ndi tomwe mukutionati. Sankhani kumodzi, tikakhale pansi, ana akakhute ndi maso."

"Amake mwana, mumadziwa mitu imene imadutsa m'manja mwangamu dzuwa lisanalowe? Munthu wodziwa kugwira nthawi saopa mzinda."

"Mitu imabwera yokha pampando. Njovu sikutsatani."

Koma munthu akamanga mfundo ndi mano, zala za mnzake sizimasula. M'mawa kutacha ananyamuka, mayi atanyamula chikwama cha zakudya ndi matawulo, Kadona atavala nsapato zake zatsopano zofiira.

Anayambira kunyumba ya zinthu zakale chifukwa inali pafupi. Sitima inalipodi, yakuda bii, yonunkha girizi, magudumu ake otalika kuposa Injiniya. Mnyamatayo anaima kukamwa kuli yasa, kenako anathamangira pamzere wa ana odikira kukwera kuti akalize belu. Mzere unkayenda bwino. Atangotsala pang'ono kuponda makwerero, a Chipeso anayang'ana wotchi.

"Basi, taiona. Tiyeni."

"Ababa, belu!"

"Belu ndi belu, mwanawe. Kusukulu kwanu kulibe?"

Kupaki anapeza mzere wa chigudumu utapindika ngati njoka yowothera dzuwa. Anaima. Kadona ankatsatira ndi chala tizipinda tokwera m'mwamba, n'kusankha kobiriwira kuti n'kawo. Mzere unasendera, nawonso anasendera, mpaka anayamba kumva kulira kwa injini yake. Pamenepo ndi pomwe kutsidya kwa kapinga kunamveka ng'oma ndi mfuwu, munthu wina akulengeza pa chimkuzamawu kuti anyamata oyenda pachingwe ayamba.

Maso a a Chipeso anawala. Izi ngakhale makasitomala awo sanazitchule.

"Ichi ndiye sitingachisiye. Tikaone msanga, tibwerera."

"Tikachoka pano malo athu apita," anatero akazi awo.

"Apita kuti? Ali ndi miyendo?"

Anadula kapinga yense akuthamanga. Pofika, anapeza anthu akuwomba m'manja, anyamata aja akupinda chingwe chawo. Anabwerera kuchigudumu thukuta lili kamukamu, ndipo a Chipeso anayesa kulowa pomwe anaima poyamba. Mayi wina wonenepa, wa ambulera yamaluwa, anawatchinga ndi ambulerayo.

"Pepani bambo, mzere si mpando wakwanu woti mungasiyepo chipewa. Kumchira n'kuko."

Mchirawo unali utafika kuchipata. A Chipeso anauyang'ana, n'kulengeza kuti chigudumu n'chabwino madzulo, tsopano ndi nthawi yosambira.

Chakudya anadyera m'basi, mabondo atapanikizana, botolo la madzi likuyenda dzanja ndi dzanja. Basiyo inalowa mumsewu wodzaza, n'kumakwawa ngati fulu wodwala msana. Kadona anavula nsapato imodzi, n'kuonetsa amake chithuza kuchidendene.

"Wakula uyu, apirira," anatero a Chipeso, maso ali pawotchi.

Kudziwe losambirako kunali phokoso lokoma la ana ndi madzi owala ngati galasi. Mayi anawasintha ana awo zovala, anapinda zovulidwazo, anafunafuna pokhala. Injiniya anali atangonyowetsa mawondo, Kadona atangoviika chala chachikulu cha kuphazi n'kukuwa kuti akuzizira, pamene abambo awo anaona mthunzi wa mpanda utatalika.

"Tulukani, tulukani! Njovu zimagona msanga!"

"Bambo a Injiniya," anatero mayi motsitsa mawu kuti ana asamve, "tasiyani ana asambe. Kokha kuno kuwakwanira."

A Chipeso anazengereza. Anaona mwana wawo wamwamuna akuseka koyamba chichokereni kusitima kuja. Koma anakumbukira bambo uja wa nkhani ya kanjovu, amene Lolemba adzabwere kudzachepetsa ndevu n'kufunsa kuti, kodi munakaona? Anawomba m'manja.

"Ndinalonjeza njovu. Valani."

Kuvala thupi lili lonyowa ndi nkhondo. Malaya anakana kutsika, sokosi imodzi inasowa, ndipo basi yoyamba inawadutsa atatsala pang'ono kufika pokwerera. Yachiwiri inawatsitsa patali. Mayi anabereka Kadona, Injiniya anasenza chikwama, a Chipeso anatsogola akuponya miyendo, nakodola ndi dzanja osacheuka.

Anafika pamene mlonda wa kumalo osungira nyama amakoka chitseko chachitsulo. Anthu ankatuluka m'magulumagulu, ana atanyamula zibaluni, wina akutsanzira ndi mkono mmene kanjovu kamagwedezera chitamba.

"Achimwene, chonde," anatero a Chipeso akupuma mwabefu. "Tingosuzumira. Mwanayu wayenda mzinda wonse chifukwa cha njovu."

"Ndikumva chisoni, bambo, koma nyama zalowa kale m'makola. Mukanabwera m'mawa. Ena afika kukucha, ndi awa akutulukawa."

Chitseko chinati gwa! Ndipo ngati kuti ikuchita dala, njovu inalira chapatali mkatimo, mawu aakulu onjenjemeretsa m'mimba.

Kadona sanalire. Anatsika kumsana kwa amake, nsapato ili kumanja, n'kukoka thalauzi la abambo ake.

"Ababa, ndinyamuleni ndione."

Anamukweza pamapewa, n'kuima chonyang'ama pafupi ndi khoma mpaka akakolo kuwawa.

"Ukuona chiyani, mama?"

"Khoma linanso."

Anakhala choncho kanthawi, timanja tozizira titagwira makutu awo, akudikira kuti mwina njovu iliranso. Sinalire. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo a Chipeso anaiwala kuti ali ndi wotchi.

M'basi yobwerera anakhala moyang'anizana ndi bambo wina wachikulire wa jekete la mizeremizere, wokonda kucheza. Ataona matawulo ndi nkhope zotopa, anamwetulira.

"Kani munali kokayenda! Ndiye mwaona zotani, adzukulu?"

"Zipata," anayankha Injiniya. "Zokongola kwambiri."

"Ndi msana wa ababa," anawonjezera Kadona, mutu uli pachifuwa cha amake.

Basi yonse inaphulika ndi phwete, kondakitala mpaka kugwira chitseko. Mayi anabisa nkhope m'tawulo, mapewa akugwedera. A Chipeso anayesa kuyang'ana pawindo, koma kuseka kunawagonjetsa, ndipo anaseka nawo mpaka misozi, ngakhale misozi inayo sinali ya kuseka.

"Amake mwana," ananong'ona pambuyo pake, "bwanji osandiletsa?"

"Ndikuyankheni pompano, kapena tikafike kaye?"

A Chipeso ananyamula phazi la Kadona, n'kumaliuzira mpweya pachithuza paja mpaka mwanayo anagona.

Lolemba sukulu zinatsegulira, ndipo tchuthi chinapita ndi njovu zake, belu lake ndi kachipinda kobiriwira kaja. Mzinda sunawamane kanthu a Chipeso. Unawayalira zokoma zonse pamphasa imodzi, iwo n'kufuna kuzitola ndi dzanja limodzi. Paja akuluakulu anaona nyama ina ya mumtengo ikusiya chipatso chili m'manja n'kulumphira cha panthambi ina, ndipo anati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.